Lipoti la nkhani: mnyamata wa kabaza wochekedwa ndi lata pamkono

Ndine clinical officer pa chipatala chaching'ono cha kumudzi m'chigawo chapakati. Tili ndi chipinda cha amayi oyembekezera, chipinda chotsukira mabala ndi labu yaing'ono ya munthu mmodzi. Magazi sitisunga, fiyeta tilibe, ndipo chipatala chachikulu cha m'boma lathu chili pa mtunda wa makilomita 48, theka lake msewu wafumbi. Nkhaniyi ndi ya mnyamata amene anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha bala losatalika kuposa chikhatho chake. Dzina lake ndi malo ndabisa, ndipo mwiniwake anavomera kuti ndilembe. Ndikulembera anzanga a m'zipatala zazing'ono, alangizi a zaumoyo, komanso anyamata a pasiteji, chifukwa moyo wake unatsala pang'ono kutayikira kumsewu ife tisanamuone, ndipo kumsewu komweko n'kumene unagwiridwira.

Zimene zinachitika kumsewu

Mwezi wa Okutobala anthu amathamangira kufolera nyumba mvula isanagwe, ndiye malata ambiri amayenda pa njinga zamoto. Amawakulunga ngati mkeka n'kuwamanga chopingasa kumbuyo kwa chishalo ndi zingwe za mphira zija amadula ku chubu. Wodwala wathu, wa zaka 24, wolemera makilogalamu pafupifupi 60, wopanda matenda ena alionse, ananyamula malata 8 kuchokera pamsika. Cha m'ma 2:50 masana tayala lakutsogolo linatitimira mumchenga, njinga n'kugwa, chingwe chimodzi n'kuduka. Lata linafunyululuka n'kumucheka mkono wamanja chamkati, pakati pa chigongono ndi pomangira wotchi, mbali ya chala chaching'ono.

Onse amene ndinacheza nawo pambuyo pake ananena chimodzimodzi: magazi ankathovoka motsatira kugunda kwa mtima, ofiira piriwiri, mpaka kufika pa thanki ya njinga. Anzake a pasiteji anafika msanga, ndipo palibe amene anali ndi mtima woipa. Mmodzi anatola chingwe cha mphira chodukacho n'kumukulunga kawiri pamwamba pa chigongono. Wina anathira pabalapo mafuta a buleki, poti amakaniko amati amaumitsa bala. Gogo wina anawaza dothi. Ena anaimirira chapatali mafoni ali m'mwamba.

Atam'manga, magazi sanasiye. Kuthovoka kuja kunachepako pang'ono, koma mkono unayamba kutupa ndi kuda, ndipo magazi akuda anayamba kuyenderera bala lonse osalekeza. Anyamatawo anaona ngati ndi mmene zimakhalira.

Amene anasintha zinthu ndi mayi wina wa zaka za m'ma 50 wogulitsa tomato pambali pa msewu. Anavula chitenje chapamwamba, n'kuchipinda kangapo, n'kuvala mapepala awiri a buledi m'manja, n'kugwada. Anaika chitenjecho pabala penipeni n'kutsamirapo ndi manja onse awiri, zigongono zili zowongoka. Nditawafunsa kumene anaphunzira, anati sanaphunzire kulikonse. "Adokotala, ndowa ikabooka umatseka pobookapo. Iwowa amatseka pena." Koma anavomeranso kuti ananyamula chitenjecho katatu, chifukwa anthu ankangoti, "Tatsegulani tione ngati asiya." Ulendo uliwonse akatsegula, magazi ankayambiranso. Chingwe cha mphira chija sanachichotse, poopa kuti amene anamangawo akudziwa bwino kuposa iwo.

Galimoto ziwiri zinakana kumunyamula, eni ake akuti adetsa mipando. Mapeto ake anakwera atatu pa njinga yamoto ya mnzake: woyendetsa kutsogolo, wovulala pakati, mayi aja kumbuyo atafinya mkonowo pachifuwa pa mnyamatayo. Aliyense amene anayendapo pa msewu wathu akudziwa kuti m'mabampu amene aja simungapsinje bala mofanana ulendo wonse. Anafika pachipatala 3:35, patatha mphindi 45.

Mmene tinamupezera

Anatsika atamugwirira. Ankalankhula, koma mobwerezabwereza, kufunsa za malata a eni ake kenako kupempha madzi. Thukuta lozizira linali thupi lonse ngakhale kunja kunali ng'amba. M'zikope ndi m'manja munali mutayera. Mtima unkagunda ka 128 pa mphindi, ndipo pa dzanja lamanzere kugundako kunkamveka mwapansipansi ngati ulusi. BP inali 84/56, kupuma ka 28 pa mphindi. Nditatsina chikhadabo cha dzanja labwinolo, kufiira kunatenga masekondi oposa 3 kuti kubwerere. Mutu, khosi, chifuwa, mimba, chiuno ndi ntchafu zinalibe vuto kupatula mikwingwirima ya paphewa ndi pabondo. Izi ndinaziyang'ana mwadala, chifukwa bala looneka limakopa maso onse, munthu n'kumafa ndi magazi otayikira m'mimba.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 70 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Wathuyu ndiye kuti anali ndi malita 4 ndi pang'ono. Wachinyamata wathanzi amabisa kutaya magazi kwa nthawi yaitali: mitsempha imafinyika, mtima umathamanga, BP imakhala ikuoneka bwino. Ikafika potsika, pamodzi ndi mtima wopitirira 120 ndi mutu wosokonezeka, nthawi zambiri amakhala atataya magawo 30 mpaka 40 pa 100 alionse. Tinayerekeza kuti wataya pafupifupi lita imodzi ndi theka. Chizindikiro chophweka chimene ndimauza anamwino atsopano n'chakuti nambala ya kugunda kwa mtima ikaposa nambala yapamwamba ya BP, wodwalayo ali pangozi, kaya akulankhula kaya akuseka.

Kamakina koyezera kuchuluka kwa magazi kanaonetsa Hb ya 11.2. Nambala imeneyi siinatitonthoze. Munthu akangotaya magazi, otsalawo amakhala asanasungunuke ndi madzi a m'thupi, ndiye Hb imaoneka yabwino kwa maola angapo. M'mawa mwake kuchipatala chachikulu inali 7.1.

Mkono wamanja unali wotupa kuyambira pachingwe kutsika, wakuda mobiriwira, mitsempha ya pakhungu itafufuma ngati ya munthu amene tikufuna kumutenga magazi. Pansi pa chingwecho, mbali ya chala chachikulu, kugunda kwa mtima kunkamvekabe. Apa m'pamene panali yankho lonse la chimene chingwe chija chinkachita.

Zimene tinachita, ndi pamene ndinalakwitsa

Cholakwa changa chinali choyambirira. Ndinauza mayi aja kuti achotse manja ndione bala, ndisanakonze chilichonse chotsekera magazi. Chitenje chitangonyamuka, magazi oundana amene anayamba kugwira anamatuka nacho limodzi, ndipo mtsempha unathovola mpaka pa yunifolomu ya anesi. Ndinachita zomwe zija ndimadzudzula anthu a kumsewu. Tinataya mwina masekondi 20 okha, koma kwa munthu amene BP yake ili 84, magazi amenewo analibe ena olowa m'malo mwake. Ndinabwezera manja anga pabalapo n'kuuza anesi abweretse lamba wa makina oyezera BP.

Tourniquet ya kufakitale, lamba womanga mwamphamvu pamkono kapena pamwendo kuti magazi asiye kutuluka, pachipatala pathu palibe. Chimene tili nacho ndi lamba wa BP wa makina opopa pamanja, ndipo pamkono amagwira ntchitoyi bwino chifukwa ndi wotambalala. Tinamukulunga kumtunda kwa mkono, pamwamba pa chingwe, n'kupopa mpaka 250, n'kupana timapaipi take kuti mpweya usathawe. Magazi anasiya nthawi yomweyo. Tinalemba pa pulasitala n'kumata pachipumi: 3:41. Kenako tinadula chingwe cha mphira chija. Chinasiya mzere wakuya pakhungu, wotuwa pakati, wamatuza m'mbali.

Apa m'pamene ndinaliona bala bwinobwino. Linali la masentimita 9 m'litali, lopendekeka, lakuya kudutsa mnofu, lodzaza dothi ndi fungo la mafuta a buleki. Tinalitsuka mofulumira ndi madzi amchere a m'chipatala, normal saline. Pansi pake ndinaona mtsempha wochokera kumtima wa mbali ya chala chaching'ono, umene timautcha ulnar artery, utachekedwa mbali imodzi osadukiratu. Zimenezi zinandifotokozera chifukwa chake magazi anali ouma mutu chotero. Mtsempha ukadukiratu, nsonga zake zimabwerera m'mnofu n'kufinyika, ndipo nthawi zina umadzitseka wokha. Wochekedwa theka sungabwerere, m'malo mwake pochekedwapo pamayasama.

Dzanja linkandiyabwa kuti ndipane mtsemphawo ndi kachitsulo. Sindinatero. Pamalo amenewo mtsempha wa magazi umayenda mogundizana ndi mtsempha wa mphamvu woyendetsa zala, ndipo m'chipinda chathu kuwala n'kochepa. Kupana mongoganizira m'dziwe la magazi kwapundula manja ambiri amene lata kapena chikwanje chinawasiya amoyo. M'malo mwake ndinalonga gauze, nsalu yofewa ya pamabala, m'balamo, kuyambira pansi penipeni pa mtsempha. Chala chimodzi chimakankhira gauze pansi, china n'kugwira pomwepo, kenako kuwonjezera ina, osasiya mpata, mpaka bala litadzaza ndi kutumphuka pamwamba pa khungu. Ndinatsamirapo ndi manja awiri kwa mphindi 10 za pawotchi ya pakhoma, osati za m'mutu, chifukwa mphindi za m'mutu zimathamanga. Kenako tinakulunga bandeji yotamuka molimba.

Pamene ine ndinali pabala, anesi anaika makanyula awiri aakulu, timapaipi tolowetsera diripi mumtsempha, pa mkono wamanzere n'kuyamba diripi ya Ringer's lactate. Tinapereka mamililita 500, n'kuyeza, n'kuperekanso ena 500. Sitinathamangire kukweza BP kufika 120. Madzi a diripi sanyamula mpweya, amasungunula zinthu zoundanitsa magazi, ndipo BP ikakwera kwambiri imakankha choundana chimene changoyamba kumene kugwira. Tinkafuna kuti kugunda kuzimveka bwino pa dzanja, mnyamatayo aziyankha zomveka, ndipo nambala yapamwamba ikhale cha m'ma 90. Tinamuvula malaya onyowa n'kumufunditsa mabulangete awiri. Achibale anadabwa, kunja kukutentha chonchija, koma munthu wotaya magazi amazizira msanga, ndipo magazi ozizira saundana bwino.

Nthawi ya 3:55 tinapereka tranexamic acid, mankhwala othandiza kuti magazi oundana asasungunuke, galamu imodzi kudzera mumtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Mankhwalawa timawasunga ku chipinda cha amayi chifukwa cha otaya magazi pobereka, ndipo anzanga ambiri amaiwala kuti ndi a ovulalanso. Kafukufuku wamkulu wa CRASH-2, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010 atayesa odwala oposa 20,000 m'maiko 40, anaonetsa kuti amachepetsa imfa mwa ovulala otaya magazi. Amathandiza kwambiri akaperekedwa mu ola loyamba, ndipo pakadutsa maola 3 saperekedwanso chifukwa akhoza kuvulaza. Wathuyu analandira patangodutsa ola limodzi ndi mphindi 5. Tinamubayanso katemera wa kafumbata, chifukwa sankakumbukira kuti anabayitsa liti, ndi ceftriaxone, mankhwala opha tizilombo, chifukwa cha dothi lija.

Mayi ake anafika ndi botolo la chakumwa chofiira, akuti chibwezeretse magazi. Mnyamatayo analinso kulira ludzu. Ndinawakhazika pansi. "Mayi, ludzu limeneli ndi la magazi amene atayika, madzi a pakamwa sangalithetse. Mwana wanuyu akupita ku fiyeta. Akamwa, akhoza kusanza ali mtulo ta mankhwala, masanziwo n'kulowa m'mapapo." Anamvetsa, ndipo anangomunyowetsa milomo ndi kansalu.

Pofika 4:20 mtima unatsika kufika 108, BP 96/62, ndipo anafunsa ngati njinga yake yasungidwa, funso lanzeru loyamba. Ambulansi inali isanafike, ndipo ndinadziwa kuti lamba akakhala chipopere mpaka kuchipatala chachikulu, maola 2 adutsa. Mnofu umapirira kusowa magazi pafupifupi maola 2 popanda kuonongeka kwenikweni, kupitirira apo ngozi imakula ola ndi ola. Ndiye ndinagwira pabandeji, anesi n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono. Kadontho kanaoneka pa bandeji, kukula ngati ndalama yachitsulo, n'kuima. Tinakazunguliza ndi cholembera kuti tione ngati kakukula. Sikanakule. Zala zinayamba kufiira, kugunda kwa mbali ya chala chachikulu kunabwerera. Lamba tinamusiya pamkono pomwepo wosapopa, kuti magazi akayambiranso m'njira angopopa. Anakhala chipopere mphindi 39 zonse pamodzi. Ntchito yomasulayi ndi ya kuchipatala, pamene diripi ili kale mumtsempha ndipo bala lalongedwa. Si ya kumsewu.

Chala chaching'ono ndi theka la chotsatana nacho sizinkamva kukhudza, ndipo sankatha kutambasula zala motalikirana. Ndinalemba zimenezi m'kalata yotumizira, pamodzi ndi nthawi zonse: ya ngozi, ya lamba, ya mankhwala. Ambulansi inafika 5:10. Anesi anakwera naye, ndipo anafika 6:15 madzulo.

Kuchipatala chachikulu ndi pambuyo pake

Usiku womwewo anamulowetsa ku fiyeta. Ataona kuti mtsempha wa mbali ya chala chachikulu ukudyetsa dzanja lonse bwinobwino, anamanga wochekedwawo mbali zonse ziwiri. Dzanja lili ndi mwayi umenewu, kuti mitsempha iwiriyi imalumikizana m'chikhatho, ndipo mwa anthu ambiri umodzi ukhoza kugwira ntchito ya iwiri. Anapezanso kuti mtsempha wa mphamvu unachekedwa mbali, ndipo anausoka pamodzi ndi minofu iwiri yopinda zala. Khungu sanalitseke tsiku lomwelo chifukwa cha dothi ndi mafuta aja. Analitsukanso patatha masiku 2, n'kulisoka tsiku lachinayi. Analandira mapaketi 2 a magazi, imodzi yochokera ku Malawi Blood Transfusion Service, ina itapezeka achimwene ake ndi mnzake wa pasiteji atapereka awo. Anatuluka patatha masiku 9.

Pa sabata yachitatu mbali ina ya bala inatulutsa mafinya, tinachotsa ulusi uwiri n'kumatsuka tsiku ndi tsiku mpaka linapola. Mzere wa chingwe cha mphira unasanduka chipsera chozungulira mkono.

Za chingwe chija

Ndakhala ndikuganizira kwambiri chingwe chimenechi, chifukwa ndachiona kambirimbiri: pa wodzitema ndi chikwanje kumunda, pa wochekedwa ndi botolo kumowa, pa mwana wopondedwa ndi ngolo. Anthu amadziwa kuti pamafunika kumanga. Chimene sanauzidwe n'chakuti kumanga kosafikapo n'koipa kuposa kusamanga.

Mitsempha yobweretsa magazi kuchokera kumtima ili mkati, ndi yolimba, ndipo magazi ake amayenda mwamphamvu. Yobwezera magazi kumtima yambiri ili pafupi ndi khungu, ndi yofewa, imatsekeka ndi kufinya pang'ono. Chingwe chomangidwa ndi manja okha chimatseka yobwezerayo n'kusiya yobweretsayo ikupopabe. Zili ngati kutseka ngalande yotulutsa madzi m'dimba pamene yolowetsa ili chitsegukire. Madziwo asefukira pamene pali pogumuka, ndipo pamkono pogumuka ndi pabala. Ndi zomwe timachita dala mu labu tikamamanga kachingwe kuti mtsempha ufufume. Mnyamata wathu anayenda mphindi 45 atamangidwa ngati munthu wotengedwa magazi. Chinanso, chingwe chopyapyala, waya kapena chingwe cha nsapato chimadula khungu ndi kuphwanya mitsempha ya mphamvu chisanatseke n'komwe mtsempha wa mkati.

Ife amene tinaphunzira kale tinauzidwa kuti tourniquet ndi chida choopsa chodulitsa miyendo, ndipo ena anaphunzitsidwa kumasula pakapita mphindi zingapo zilizonse kuti mwendo upume. Chidachi n'chakale ndithu, dokotala wa ku France Jean-Louis Petit anapanga chake chopotokola mu 1718, koma mbiri yake inakonzeka pa nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan, kumene madokotala a asilikali anaona kuti chikamangidwa msanga ndi molondola chimapulumutsa anthu, ndipo kudulitsa chiwalo chifukwa cha icho chokha sikuchitika kawirikawiri. Ku United States, ana asukulu ataphedwa ndi mfuti ku Sandy Hook mu 2012, madokotala anakumana ku Hartford, ndipo mu 2015 boma linakhazikitsa maphunziro a Stop the Bleed ophunzitsa anthu wamba kupsinja, kulonga bala ndi kumanga. Zomasulamasula zija zinathetsedwa, chifukwa kumasula kulikonse ndi magazi ena otayika.

Komabe iwo amanena za tourniquet ya kufakitale. Yopanga ndi nsalu ndi kamtengo imalephera kawirikawiri, makamaka pantchafu, ndipo n'chifukwa chake ine sindiyamba nayo pophunzitsa. Ndimayamba ndi manja. Mabala ambiri a m'manja ndi m'miyendo, ngakhale othovoka, amagonja munthu akapsinja pamalo penipeni, mwamphamvu ya thupi lonse, wovulalayo atagona pansi ndipo chiwalo chili pa chinthu cholimba, kwa mphindi 10 osasuzumira. Nsalu ikanyowa, kuikapo ina pamwamba, yoyambayo osaichotsa. Bala likakhala lakuya ngati dzenje, nsalu ya pamwamba siifika pamene pakutuluka magazi, ndiye imafunika kukankhidwira mkati ndi zala. Kaya ndi chitenje, kaya malaya, bola zikhale zoyerako. Matenda olowa ndi nsalu tidzalimbana nawo mawa ndi mankhwala, magazi otayika lero sitingawatole. Mayi aja akanapanda kutsegula katatu, chingwe chija chikanapanda kukhalapo, ndikukhulupirira kuti mnyamatayu akanafika kwathu BP isanagwe.

Kumanga kumabwera pamene kupsinja kwalephera, kapena chiwalo chaduka kapena kunyenyeka, kapena ovulala achuluka kuposa manja, kapena ulendo ndi wa pa njinga pamene munthu sangapsinje bwino. Pamenepo nsalu ipindidwe kukhala yotambalala masentimita 5, ikulungidwe masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pa bondo kapena pa chigongono. Mfundo imodzi, kamtengo kolimba kapena sipanala pamwamba pake, mfundo ina, kenako kupotokola mpaka magazi asiyiretu. Wovulalayo adzakuwa, chifukwa zimapweteka zedi, ndipo apa m'pamene ambiri amamvera chisoni n'kulekera panjira. Kamtengoko kamangiriridwe kuti kasabwerere, nthawi ilembedwe pakhungu kapena pa foni, ndipo asamasule wina aliyense kufikira kuchipatala. M'khwapa, m'mphechepeche ndi m'khosi simumangika, mmenemo ndi kulonga ndi kupsinja basi, ndipo pakhosi kupsinja mbali yovulalayo yokha. M'chifuwa ndi m'mimba simulongedwa nsalu, kumeneko chothandiza ndi kuphimba ndi kuthamanga. Mpeni kapena chitsulo chikatsalira m'thupi chisazulidwe, nsalu ziikidwe m'mbali mwake.

Za mafuta a buleki, dothi, phulusa, fodya ndi ndowe sindichulutsa mawu. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimatseka mtsempha. Mafuta a buleki amapsereza mnofu, ndipo tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe momwemo. Kwa wodwala wathu zinamuonjezera ulendo wachiwiri wa ku fiyeta ndi masiku ogona m'chipatala.

Mayi a tomato

Anabweranso m'mawa mwake, atakhala pabenchi mpaka mzere utatha. Nditawaitana anayamba ndi kufunsa za mnyamatayo, kenako anatsitsa mawu. Mapepala a buledi aja anang'ambika m'njira, magazi anafika mpaka m'zigongono, ndipo amuna awo anawakalipira usiku wonse kuti adzitengera matenda chifukwa cha mwana wa eni. Ndinayang'ana manja awo mbali zonse, pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Panalibe bala kapena mng'alu, ndipo anati m'maso ndi m'kamwa simunalowe kanthu. Ndinawafotokozera kuti khungu lopanda bala ndi chotchinga chabwino, kuti HIV siilowa pakhungu lathunthu, ndi kuti kusamba ndi sopo kumene anachita n'kokwanira. Ndinawauzanso kuti pakanakhala bala, kapena magazi akanawagwera m'maso, pali mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP oyamba pasanathe maola 72 n'kumwa masiku 28, ndipo timapereka ulere. Anapempha kuyezetsa kuti mtima ukhale pansi, ndipo tinawayeza.

Mantha amenewa ndi enieni, ndipo ndi amene amaimika anthu chapatali. Ena amaopa kuti akagwira wovulala n'kumwalira m'manja mwawo, adzavutika ndi mafunso a apolisi. Enanso amakhulupirira kuti chipatala sichilandira wa ngozi popanda kalata ya kupolisi, n'kuyamba kupita naye kumeneko. Kwathu kuno wotaya magazi timamuthandiza kaye, zamakalata zimabwera pambuyo. Ndinawapempha mayiwo kuti akanene zimenezi pamsika, poti mawu awo amamveka kumeneko kuposa anga.

Zimene tasintha, ndi mmene alili tsopano

Pachipatala tinasonkhanitsa m'bokosi limodzi lamba wa BP wakale ndi zopanira zake, gauze, mabandeji otamuka, makanyula aakulu, pulasitala ndi cholembera, ndipo bokosilo limakhala pakhomo la chipinda chotsukira mabala. Pachivundikiro tinalemba kumene kuli tranexamic acid. Tinagwirizananso kuti wovulala akafika wina atamupsinja, manja amenewo sachoka mpaka lamba atakulungidwa. Lamulo limeneli linachokera pa cholakwa changa, ndipo ndinawauza anzanga choncho.

Loweruka lina ndinapita pasiteji ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lija. Tcheyamani wa kabaza anasonkhanitsa anyamata pansi pa mtengo wa mango. Ndinamanga mkono wa mmodzi ndi chingwe cha mphira monga anachitira tsiku lija, n'kuwauza agwire pomangira wotchi. Onse anamva kugunda, ndipo anaona mitsempha ikufufuma. Kenako tinamanga ndi chitenje ndi sipanala kwa masekondi ochepa, kugunda n'kuzimiririka. Amene anamanga chingwe tsiku la ngozi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti ndimamupha ndine, adokotala?" Ndinamuyankha kuti iye ndi amene anathamanga pamene ena ankajambula, ndipo chimene chinasowa ndi munthu womuonetsa kapotokoledwe. Anapempha kuti ayesenso kawiri. Tinayeserera kulonga bala pa chidutswa cha matiresi chobooledwa, aliyense mpaka zala zitazolowera. Ambiri tsopano amasunga chidutswa cha chitenje ndi mapepala a pulasitiki pansi pa chishalo.

Wodwalayo ndinamuona komaliza patatha miyezi 4. Hb inali 12.6, atamwa mapiritsi a ayironi miyezi 3, ngakhale mayi ake amati ndi chidede ndi masamba a mapeyala zimene ankamuwiritsira. Dzanja ndi lofunda, zala zonse zimapinda. Chala chaching'ono chikadali dzanzi kunsonga, mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera waphwa pang'ono, ndipo akapana pepala pakati pa zala ndimalisolola mosavuta. Mtsempha wa mphamvu umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndiye kuchokera pabala kufika kunsonga ya chala pakufunika miyezi ina ingapo, ndipo mphamvu yonse mwina siidzabwerera. Ndinamuonetsanso zolimbitsa zala ndi mpira wa tenesi, n'kumuchenjeza za moto ndi injini yotentha, poti chala chosamva chimapsa mwiniwake osadziwa. Buleki yakutsogolo amaigwira ndi zala ziwiri zoyambirira, ndipo wayambiranso kunyamula anthu maulendo afupiafupi. Malata akuti sanayambe. Adzabweranso mwezi wa Meyi kuti tidzayeze chala chija.